Cholesterol m'magazi a hamster

Hamster wa ku Syria, amene dzina lake lasayansi ndi Mesocricetus auratus, ndi kanyama konga mbewa komwe asayansi amagwiritsa ntchito pofufuza za cholesterol. Ma hamster ambiri a m'malabotale anachokera ku banja limodzi limene Israel Aharoni anagwira pafupi ndi mzinda wa Aleppo mu 1930.

Mmene cholesterol imayendera

Cholesterol ndi mtundu wa mafuta, ndipo sisungunuka m'magazi. Choncho imanyamulidwa ndi timibulu ta mafuta ndi mapuloteni totchedwa lipoprotein. LDL imatenga cholesterol kupita nayo ku maselo a thupi, ndipo ikachuluka imaunjikana m'mitsempha ya magazi. HDL imabweza cholesterol ku chiwindi.

Kufanana ndi munthu

Mbewa ndi makoswe alibe puloteni yotchedwa CETP, yomwe imasamutsa cholesterol kuchoka mu HDL kupita mu VLDL ndi LDL. Hamster ali nayo, ngati munthu. Komanso chiwindi cha hamster chimapanga apoB-100 yokha, pomwe apoB-48 imapangidwa m'matumbo. Umu ndi mmene zilili mwa munthu, koma chiwindi cha mbewa chimapanga zonse ziwiri.

Hamster akamadya chakudya chake cha masiku onse, cholesterol yambiri imakhala mu HDL. Akapatsidwa chakudya chokhala ndi cholesterol komanso mafuta oundana, LDL ndi VLDL zimakwera msanga, ndipo mafuta amayamba kumatirira mkati mwa mtsempha waukulu wochokera kumtima.

Kafukufuku

Mu 1985, David Spady ndi John Dietschy a ku Dallas, m'dziko la America, anasonyeza kuti mafuta oundana amachepetsa mphamvu ya chiwindi cha hamster yochotsa LDL m'magazi. Izi zinathandiza kufotokoza chifukwa chimene mafuta otere amakwezera cholesterol. Mu 2018, ofufuza a ku China analengeza kuti apanga ma hamster osowa jini yothandiza chiwindi kukola LDL, pogwiritsa ntchito njira ya CRISPR. Nyamazi zimafanana ndi anthu obadwa ndi vuto la cholesterol yokwera la kumtundu.

Malire ake

Zotsatira zimasiyana malinga ndi mtundu wa hamster komanso chakudya chimene wapatsidwa. Nthawi zambiri mitsempha ya hamster imangosonyeza chiyambi cha matendawa. N'chifukwa chake mankhwala amene agwira ntchito pa hamster amayenera kuyesedwanso pa anthu asanavomerezedwe.