LAM: ndege za boma, ndalama zathu

Kodi munakwerapo ndege? Ambiri a ife kuno ku Angónia sitinakwerepo. Timangoimva ikulira m'mwamba tili pa mzere wa mbatatesi, ana n'kumailoza mpaka italowa m'mitambo. Komatu pali kampani ya ndege imene mwini wake ndi dziko la Moçambique. Cinthu ca boma ndi ca anthu onse. Ndiye kuti inunso, ngakhale simunapondepo pa bwalo la ndege, nkhani ya kampani imeneyi ikukukhudzani.

Dzina lake ndi zilembo zitatu: L, A, M. Ziwerengeni pamodzi: LAM. Ndi cidule ca mawu a Cipwitikizi akuti Linhas Aéreas de Moçambique, kutanthauza njira za m'mlengalenga za Moçambique.

Kampaniyi ndi yakale kuposa agogo ambiri a m'mudzi mwanu. Inayamba mu 1936, nthawi ya atsamunda a Cipwitikizi, ndipo dzina lake linali DETA. Siinali kampani payokha ayi. Inali nthambi cabe ya ofesi yoyang'anira njanji ndi madoko. Mfundo iyi muisunge, tidzaipezanso kutsogoloku. Kumapeto kwa 1937, kandege kakang'ono kanayamba kunyamula makalata kucoka ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo, kupita ku Germiston, kufupi ndi Johannesburg. Zaka zikupita, ndege zinakula, ndipo ca m'ma 1970 DETA inali ndi ndege zikuluzikulu za Boeing 737. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma latsopano linatenga kampaniyi. Mu 1980 inapatsidwa dzina lakuti LAM.

Mwina mukufunsa kuti: boma lili ndi zipatala zosowa mankhwala, lisungirenji ndege? Funso labwino. Yankho lake likuyambira pa maonekedwe a dziko lathu. Moçambique ndi dziko lalitali ngati mcira wa ng'ombe, ndipo likulu lake lili kumapeto kwenikweni, kumwera. Kucoka ku Ulongué kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200. Kucoka ku Tete kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 1,500, ulendo wogonera m'njira. Pa ndege, kucokera pa bwalo la Chingodzi, ndi maola awiri basi.

Amene munaona nkhondo mukudziwa bwino. Nkhondo isanathe mu 1992, misewu inali yoopsa. Magalimoto ankayenda m'ndandanda, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Ife ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ine ndili kamwana. M'zaka zimenezo, kuti munthu kapena kalata ya boma icoke ku Tete ifike ku Maputo bwinobwino, njira yodalirika inali ya m'mwamba. Ngakhale lero, kampani ya munthu wamba imasankha njira zokhala ndi phindu zokha. Ya boma imayenera kufikanso ku Lichinga, ku Quelimane, ku Chimoio, kaya okwera aculuka kaya acepa.

Tsono ndege imayenda bwanji ngati malonda? Tiyerekeze ndi shapa, imene tonse timaidziwa. Shapa imaima pa siteji mpaka itadzaza. Mukhoza kudikira ola lathunthu, woyendetsa osatekeseka, cifukwa mpando uliwonse ndi ndalama. Ndege ilibe mwayi umenewo. Ili ndi ola lake lonyamukira, ndipo mpando umene wanyamuka wopanda munthu watayika, sungagulitsidwenso mawa. Koma mafuta amapsa cimodzimodzi, oyendetsa amalipidwa cimodzimodzi.

Palinso vuto la mtundu wa ndalama. Wokwera amagula tikiti ndi mametikali. Koma zitsulo zokonzera ndege zimacokera kunja, ndipo zimagulidwa ndi madola. Kampani ikasowa ndege zakezake, imabwereka kwa makampani akunja, nthawi zina pamodzi ndi oyendetsa omwe, n'kumalipira mwezi ndi mwezi, madolanso. Zili ngati mlimi amene amalima ndi ng'ombe zobwereka: asanadye, wayamba wapatula gawo la mwini ng'ombe. Ndipo ndege zikakhala zocepa, imodzi ikangowonongeka ku Nampula, anthu a ku Tete amagona pa mabenchi kudikira. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene anthu amadandaulira kuti ndege zacedwa ndipo matikiti ndi odula.

Mu 1998 LAM inasinthidwa kukhala kampani ya magawo. Patapita zaka, pa magawo 100 aliwonse, boma linali ndi 91, ndipo 9 anali a ogwira nchito a kampaniyo.

Mavuto ena sanali a mafuta kapena madola. Mu 2011 maiko a mgwirizano wa ku Ulaya analetsa makampani onse a ndege a Moçambique kuuluka kumeneko, ponena kuti kayang'aniridwe ka citetezo ca ndege m'dziko muno sikanali kokwanira. Ciletsoco cinacotsedwa mu 2017. Pa 29 Novembala 2013 kunagwa tsoka lalikulu. Ndege ya LAM yocoka ku Maputo kupita ku Luanda inagwa m'nkhalango ya Bwabwata ku Namibia, ndipo anthu onse 33 anafa. Ofufuza anapeza kuti woyendetsa wamkulu anaigwetsa dala, atadzitsekera yekha m'cipinda coyendetsera. Ndege imeneyo inali ya mtundu wa Embraer, yopangidwa ku Brazil. Mu 2016 kampani ya Embraer inavomera yokha kuti inapereka ziphuphu m'maiko angapo, kuphatikizapo madola 800,000 pa malonda a ndege ziwiri zimene inagulitsa kwa LAM. Ine ndikamawerenga nambala imeneyi ndimaona makalasi a ana ophunzirira pansi pa mtengo. Ciphuphu sicicokera m'thumba la wogulitsa ayi, cimabisika mu mtengo wa katundu, ndipo wolipira ndi wogula.

Ngongole zitaculuka, mu 2023 boma linaitana kampani ya ku South Africa yochedwa Fly Modern Ark kuti ithandize kuyendetsa LAM. Maulendo opita ku Lisboa anayambiranso mu Disembala caka comweco, koma anaimanso mu Febuluwale 2025 cifukwa ankangodya ndalama.

Apa m'pamene nkhani ikufika pakhomo pathu. Mu 2025 boma linaganiza zopereka magawo ake 91 aja kwa makampani atatu amene nawonso ndi a boma. Yoyamba ndi CFM, ya njanji ndi madoko. Mukukumbukira mfundo ija? Mwana wabwerera kwa make amene anamubala mu 1936. Yaciwiri ndi EMOSE, ya inshuwalansi. Yacitatu ndi HCB, imene imapanga magetsi pa damu la Cahora Bassa ku Songo, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete. Ndiye kuti madzi a Zambezi akamazungulitsa makina, gawo lina la ndalama zake likupita kukathandiza ndege. Pamene ku midzi yambiri ya kwathu kuno usiku timaunikirabe tochi ya foni! Ena akuti ndi nzeru, dziko lisakhale lopanda ndege zake. Ena akuti n'kutunga madzi ndi dengu. Ine ndikuti wopereka ndalama ali ndi ufulu wofunsa kuti ndege zagulidwa zingati, ndipo pa mtengo wanji.

Tsiku lina mwana wanu kapena m'bale wogwira nchito ku migodi ya malasha ku Moatize akadzabwera ndi tikiti ya ndege, mudzamupemphe muione. Mudzafune zilembo izi: TM ndi cizindikiro ca LAM, TET ndi Tete, MPM ndi Maputo. Pambali pake pamakhala tsiku, ola lonyamukira, ndi nambala ya mpando.