Kompyuta yokana kuona nkhokwe yake sinafe

CHADIZA — Ciyambire 2015, pamene ana a Giredi 9 m'Zambia analemba koyamba mayeso a kompyuta, makinawa akhala cuma camtengo wapatali m'masukulu a kumidzi. Kompyuta imodzi ikaima, kalasi lonse limavutika.

Nthawi zina mphunzitsi poikamo Windows mwatsopano, kompyuta imanena kuti hard disk, nkhokwe yosungiramo zonse, palibe. Ambiri amayesa kuti yafa. Kawirikawiri cimene casowa ndi driver, kapulogalamu komasulira pakati pa Windows ndi kacipangizo kolamulira nkhokweyo. Mwacitsanzo, cimbale ca Windows 7 ya 2009 sicidziwa nkhokwe zatsopano zochedwa NVMe.

Mankhwala ake ndi kukonzeratu cimbale. Mphunzitsi atenge driver ya opanga kompyutayo pamene pali intaneti, pa boma pano kapena ku Chipata. Kenaka, ndi pulogalamu ya Microsoft yochedwa DISM, ailowetse m'mafailo awiri: boot.wim ndi install.wim. Akaiwala failo yaciwiriyi, Windows ingalowe bwino koma n'kukana kuyaka.

Cimbale cimodzi cotere cingathandize masukulu onse okhala ndi makina ofanana. Aphunzitsi, musataye kompyuta musanafunse anzanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.