Kujambula Malo Monga Umboni

Phunziro la zojambula si maseŵera chabe. M'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, amayi a Chicheŵa ankajambula zizindikiro za chinamwali ndi dothi loyera, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali m'kaundula wake. Chithunzi chimasunga zimene anthu akukana kuti ziiŵalike.

Ku Kasinje nkhalango ikatha, woyamba kuvutika ndi mayi wofuna nkhuni ndi madzi. Mavuto otereŵa ndiwo anachititsa Wangari Maathai kuyamba kubzala mitengo ndi amayi a ku Kenya mu 1977.

Choncho tulutsani ana panja, ajambule phiri monga liliri lero. Kenaka akafunse agogo awo aakazi za mitengo imene inalipo kale, ajambulenso. Mukapachika zithunzi ziŵirizo pamodzi, afunseni kuti: mitengo inapita kuti, nanga akuyenda mtunda wautali ndani?