Pamene intaneti inkayenda pa foni yapansi

Mukapeza kompyuta yakale, ija ya bokosi loyera lomwe pano lasanduka lachikasu, itembenuzeni muione kumbuyo. Chakumunsi mungapeze timabowo tiwiri tofanana, kena kolembedwa Line, kena Phone. Achinyamata amayesa kulowetsamo chingwe cha netiweki ya muofesi, koma chimakana chifukwa mutu wake ndi wonenepa. Timabowo timeneti ndi ta modemu. Ndi mmene intaneti inkalowera m'maofesi ndi m'nyumba zochepa za ku Balaka ndi ku Liwonde kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi yomwe ine ndinkayenda ndi sikuludilaiva ndi ma CD m'chikwama, kulumikizira anthu makompyuta awo.

Zinayambira chapafupi pompa, ku Zomba. M'zaka zoyambirira za m'ma 1990, a Dr Paulos Nyirenda a ku Chancellor College ankayendetsa imelo kudzera pa njira yotchedwa Fidonet: kompyuta inkasonkhanitsa makalata a anthu, n'kuimba foni pa nthawi yake, kupereka omwe ili nawo ndi kulandira obwera. Mu 1997 kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti kwa aliyense wokhala ndi ndalama zake, ndipo panalinso Malawi SDNP, yomwe inkathandizidwa ndi UNDP. Lamulo lomwe linakhazikitsa MACRA linadza mu 1998, chaka chomwechonso Balaka anachoka pansi pa Machinga n'kukhala boma palokha. Mu 2000 bungwe la mapositi ndi malamya linagawika pawiri, mafoni apansi n'kupita ku MTL. Choncho wofuna intaneti ankagogoda pa makomo awiri: kwa eni nthambo, ndi kwa ogulitsa intaneti.

Nthambozo sizinkapita patali. Zinkatsata tauni, njanji ndi msewu wa tala. Amene anali nazo anali maofesi a boma, maparishi, mabungwe othandiza anthu, malo ogona alendo obwera kudzaona njovu ku Liwonde National Park, eni masitolo akuluakulu ndi timaofesi toimbitsa foni. Ku Balaka, tauni ya osindikiza mabuku a Montfort Media, kunali anthu ambiri ndithu olemberana makalata ndi abale komanso abwenzi a ku Italy. Koma ukangopatuka kulowera kumidzi, nkhani ya intaneti inkathera pomwepo.

Ntchito yolumikiza sinkayambira pa kompyuta. Ndinkayamba ndanyamula foni n'kuika kukhutu. Ikamalira bwino, kamvekedwe kamodzi kosadukiza, ndinkadziwa kuti tsikulo ndidya nsima nthawi yabwino. Ikamachita tchetchetche, ndiye kuti penapake nthambo yachita dzimbiri, kapena polumikiza palowa madzi, ndipo kunali kutuluka panja kukalondola waya kuchokera pakhoma mpaka pamtengo. Anthu akhoza kumvana pa foni yaphokoso, amangoti "bwerezani". Modemu ilibe chipiriro chotere, imangodula.

Kenako n'kuzula pa foni chingwe chochokera pakhoma, kuchilowetsa pa Line, foniyo n'kuilumikiza pa Phone. Ambiri ankasinthanitsa mabowo awiriwa n'kumatukwana kompyuta yosalakwa. Modemu zinalipo za mitundu iwiri. Yamkati inali kakhadi kotsika mtengo, koma sinkagwira ntchito popanda pulogalamu yake yoiyendetsa, ndipo makompyuta akaunjika ankabwera opanda CD. Vuto lake linali loseketsa: pulogalamuyo ili pa intaneti, koma kuti ufike pa intaneti ukufunika pulogalamu yomweyo. Yakunja, monga ya US Robotics, inali kabokosi ka timagetsi tothwanima kolumikizidwa ndi chingwe chonenepa pa bowo la COM1. Ine ndinkakonda yakunjayi, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo. Timagetsi take tinkakuuza chomwe chikuchitika, ndipo ikazunguzika umangoizimitsa n'kuiyatsanso osakhudza kompyuta.

Pa Windows 98 unkatsegula My Computer, kenako Dial-Up Networking, n'kudina Make New Connection. Pa Windows XP unkapita ku Control Panel, Network Connections, n'kusankha zoyambitsa kulumikiza kwatsopano. Zonse ziwiri zinkafunsa zinthu zitatu zomwe ogulitsa intaneti ankakulembera pa kapepala: nambala yoimba, dzina lolowera ndi pasiwedi. M'maofesi momwe foni inkadutsa pa switchboard, unkayamba ndi nambala yotulukira panja, kawirikawiri 9, n'kuika chizindikiro cha koma (,) pambuyo pake kuti modemu idikire pang'ono isanapitirize. Kakoma kamodzi kameneka kankasowetsa anthu mtendere sabata yathunthu.

Ukadina Connect, m'chipinda monse munkamveka manambala akuimbidwa, kenako kulira kwina kosaiwalika: likhweru, kukhosomola, mkokomo, kenako zii. Gogo wina ku Liwonde anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi chinthuchi chikumva kupweteka?" Sichinkamva kupweteka. Nthambo ya foni inapangidwira mawu a munthu, ndiye modemu inkasandutsa manambala a kompyuta kukhala phokoso, ya tsidya lina n'kubweza phokosolo kukhala manambala. Kulira kwa poyambako kunali ngati malonje: mlendo ndi mwini khomo amayamba afunsana za ulendo ndi za kunyumba asanalowe m'nkhani yeniyeni. Modemu ziwirizo zinkafunsana liwiro lomwe iliyonse ingakwanitse, n'kuyesa mmene nthambo ilili, kenako n'kugwirizana.

Pabokosi ankalemba 56k, kutsatira muyezo wa V.90 womwe unavomerezedwa mu 1998. Nambala imeneyo ine ndinkangoiona pabokosi pomwepo. Kwathu kuno, pa nthambo zazitali ndi zakale, timakompyuta tiwiri ta pakona ya sikirini tinkaonetsa 33.6 kapena 28.8, nthawi ya dzinja n'kutsikanso. Pa 28.8, fayilo ya 1 MB inkatenga pafupifupi mphindi 5. Chithunzi chimodzi chojambulidwa pa foni ya masiku ano, cha 4 MB, chikanadya mphindi 20, mwini nyumba ataimirira kumbuyo kwako akuyang'ana wotchi.

Zikakanika, Windows inkangotulutsa nambala, ndipo tinkaziloweza pamtima. 680 ndiye kuti modemu sikumva kulira kwa foni: chingwe chili pa bowo lolakwika, kapena foni yadulidwa chifukwa cha bilu, zomwe eni nyumba sankafulumira kuulula. 676 ndiye kuti nambala ili bize, anzanu akutsogolerani. 678 ndiye kuti tsidya linalo silikuyankha. 691 ndiye kuti dzina kapena pasiwedi yalakwika, ndipo nthawi zambiri wolakwa anali batani la Caps Lock, kapena ndalama za mwezi umenewo zomwe sizinaperekedwe.

Pa ndalama m'pamene panagona nkhani. Munthu ankalipira ogulitsa intaneti, n'kulipiranso bilu ya foni pa mphindi iliyonse yomwe wakhala wolumikizidwa. Anthu omwe ndinkawathandiza ankaimba nambala ya ku Blantyre, kutanthauza kuti kuwerenga nyuzi pa intaneti kunali chimodzimodzi kucheza pa foni ndi munthu wa ku Limbe kwa ola lathunthu. N'chifukwa chake chomwe ndinkaphunzitsa kwenikweni sichinali kulowa pa intaneti, koma kutulukapo msanga. Makalata onse unkalemberatu mu Outlook Express foni ili chete, n'kuwaunjika mu Outbox. Ukamaliza n'kudina Send/Receive, utachonga kabokosi kouza modemu kuti idule yokha ikatha ntchito. M'mphindi zochepa makalata apita, ena abwera, ndipo unkawawerenga modekha, tiyi ali pambali. Mdani wamkulu anali mnzako wa kunja wotumiza zithunzi za ukwati. Kalata yake inkatseka njira, ena onse n'kumadikira kumbuyo kwake.

Muofesi ina ya parishi munali mayi mlembi yemwe ankadziwa zimenezi kuposa ine. Foni yawo inali ndi nthambi ina kuchipinda chodyera. Asanadine Connect ankayamba atuluka pakhomo n'kukuwa kuti, "Bambo mfumu, musanyamule foniyo, ndikulowa!" Ankadziwa kuti wina akangonyamula, amva mkokomo kukhutu, ndipo lipoti lomwe latsala pang'ono kufika liyambiranso pachiyambi. Nawonso oimba kuchokera kunja ankangopeza bize, n'kumadandaula Lamulungu kuti kuparishi foni sikuyankhidwa.

Mvula ikayamba kuchita mdima chakumapiri a Chikala, lamulo langa linali limodzi: zulani chingwe cha foni, osati cha magetsi chokha. Mphenzi ikagwa pafupi ndi nthambo, mphamvu yake imayenda mu waya mpaka kufika pa modemu. Ndinkati ndikatsegula bokosi m'mawa mwake, fungo la pulasitiki wopsa linkandilonjera, pakakhadi pali kadontho kakuda pafupi ndi bowo la Line. Yamkati nthawi zina inkafa pamodzi ndi kompyuta yonse. Akuba mawaya a kopa nawonso anachita mbali yawo, moti dera lonse linkatha kukhala masabata opanda foni.

Zimene zinathetsa zonsezi ndi foni zam'manja. TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, yomwe inadzakhala Zain kenako Airtel, ndipo nsanja zawo zinafika kumene mitengo ya lamya sinapondeko. Komabe njira yakale sinafe tsiku limodzi. Ma dongle ambiri oyambirira omwe tinkabaya pa USB, kompyuta inkawaona ngati modemu, ndipo ankaimbabe nambala, *99#, kungoti mosalira. Ngakhale ku America, kampani ya AOL inasiya kugulitsa intaneti ya pa foni yapansi mu Seputembala 2025.

Ndiye wina akandibweretsera kompyuta yakale lero kuti ndimulumikizire pa Line, ndimamuuza mosabisa kuti asataye ndalama. Masamba a intaneti a masiku ano ndi olemera kwambiri, ndipo Internet Explorer 6 ambiri mwa iwo sangawatsegule n'komwe chifukwa njira zotetezera uthenga zinasintha. Windows XP nayo inasiya kulandira zigamba za chitetezo mu Epulo 2014, choncho si malo olowetserapo pasiwedi ya kubanki. Ngati bokosilo lili ndi bowo la USB ndi memori yokwanira, ndimaikamo Linux yopepuka, n'kulumikiza foni yam'manja ndi chingwe kuti igawire kompyutayo bandulo. Ngati ndi lofooka kwambiri, likhale lolembera makalata, kusungira maakaunti a golosale ndi kuphunzitsira ana kutaipa, zomwe limachita bwino popanda intaneti. Chofunika kugula ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka mkati, chifukwa kakatha, kompyuta imaiwala tsiku ndi nthawi mukangoizula ku magetsi.