Mjigo ukamira: momwe mungakonzere madzi a m'nyanja kuti akhale akumwa

Mvula ikakula, mlimi wa m'mphepete mwa nyanja amayamba waganiza za mpunga wake, chimanga cha kudimba ndi mbuzi za m'khola. Koma madzi osefukira akalowa m'mudzi, chomwe chimayamba kusowa pakhomo ndi madzi akumwa. Mjigo umamira, chitsime chimagumuka, mipope imaduka, ndipo banja limatsala ndi malo amodzi okha okatungako: kunyanja.

Vuto ndi lakuti nthawi imeneyi ndi yomwenso madzi a m'nyanja amakhala oipa kwambiri. Mvula yomwe yamiza mjigo ndi yomweyo yomwe yagumula zimbudzi, kukokolola ndowe za m'makola, feteleza wa m'minda ndi ziweto zakufa n'kukazitsira m'nyanja.

Dziko lino linaphunzira izi mowawa. Mliri wa kolera womwe unayamba m'boma la Machinga mu March 2022, namondwe wa Ana atadutsa, unafalikira dziko lonse. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay anali m'gulu la omwe anakhudzidwa kwambiri. Mliriwu usanathe, namondwe wa Freddy anafika mu March 2023 n'kuwononga mijigo ndi mipope yambiri m'chigawo cha kummwera.

Kwa mlimi, nkhaniyi imakhudza munda mwachindunji. Matenda otsekula m'mimba amachuluka nthawi ya kupalira ndi kubandira. Mayi akagona kuchipatala sabata imodzi ndi mwana wodwala, udzu sudikira, ndipo ndalama yogulira feteleza wobereketsa imathera pa thiransipoti ndi mankhwala.

Kuyera kwa madzi kusakunamizeni

Madzi a nyanja ya Malawi amaoneka mbee, mpaka munthu kuona mchenga pansi. Komatu tizirombo toyambitsa kolera, kamwazi ndi taifodi sitioneka ndi maso, ndipo timachuluka m'mphepete, momwe anthu amasamba, kuchapa matewera, kutsuka mbale, kutumbula nsomba ndi kumwetsa ng'ombe. Kunyanja ya Chilwa vutoli ndi lalikulu chifukwa nyanjayi ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse cholowamo chimakhala momwemo. N'chifukwa chake kolera wakhala akubuka kawirikawiri pakati pa asodzi okhala m'zimbowera za panyanjayi.

Kukonza madziwa kuli ndi magawo anayi: kutunga pamalo abwino, kuchotsa matope, kupha tizirombo ndi kusunga mosamala. Mukadumpha gawo limodzi, ntchito ya magawo enawo imapita pachabe.

Sankhani potunga

Musatunge padooko pomwe pamakocheza mabwato, pamathiriro a mtsinje, kapena pomwe ziweto zimamwera. Ngati pali bwato, ndi bwino kulowa m'kati pang'ono kusiyana ndi kutunga m'mphepete momwe mafunde amavundula matope. Mizani chotungiracho pansi pang'ono pa madzi kuti musatenge zinyalala zoyandama, koma chisakhudze pansi.

Pewani malo a bango ndi udzu. M'menemo ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizirombo take timaboola khungu la munthu yemwe waima m'madzi. Ana asatumidwe kukatunga m'malo otere, makamaka kunyanja ya Malombe ndi mumtsinje wa Shire komwe kulinso ng'ona.

Madzi obiriwira ndi ndere, onunkha, kapena omwe muli nsomba zakufa asiyeni. Mitundu ina ya ndere imatulutsa poizoni yemwe satha ngakhale madzi awire.

Chotsani matope kaye

Matope amabisa tizirombo ndipo amatha mphamvu ya kolorini. Choncho madzi akafika pakhomo asiyeni mundowa yovindikira kwa maola angapo kapena usiku wonse kuti adikhe, kenako tsanulirani apamwambawo mundowa ina mosavundula nsenga za pansi. Madzi akakhala masiku awiri chidikhire, tizirombo ta likodzo timafa tokha, motero amakhala abwino kusamba.

Potsanula, sefani ndi nsalu yoyera bwino yopinda kanayi kapena kuposa apo. Chitenje chakale chomwe chachapidwa kambiri chimagwira bwino ntchitoyi. Njirayi ingaoneke yachibwana, koma kafukufuku wa m'midzi ya ku Bangladesh, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2003, anapeza kuti kusefa madzi ndi nsalu yopinda kanayi kunachepetsa odwala kolera pafupifupi ndi theka. Chifukwa chake n'chakuti tizirombo ta kolera timakonda kumatirira pa tinthu tamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo tinthu timeneti timatsakamira pansalu. Mukatha, ichapeni nsaluyo ndi sopo n'kuyanika padzuwa.

Alimi omwe ali ndi mtengo wa cham'mwamba pakhomo ali ndi mwayi wina. Tengani njere zokhwima ndi zouma, chotsani makoko, sinjani za m'katizo kuti zikhale ufa. Pafupifupi njere imodzi imakwana lita imodzi ya madzi amatope. Sungunulani ufawo m'timadzi toyera pang'ono, thirani mundowa, takasani mwamphamvu kwa mphindi imodzi kenako pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu, ndipo siyani ola limodzi kapena awiri. Ufawo umamata matope kukhala timibulu tomwe timamira pansi. Njirayi inayesedwapo pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990 ndipo inagwira ntchito.

Dziwani kuti kudikhitsa, kusefa ndi cham'mwamba zimangochepetsa tizirombo. Madziwo ayenera kupitabe pagawo lotsatira, ndipo a cham'mwamba akonzedwe tsiku lomwelo chifukwa sachedwa kusasa.

Kuwiritsa

Njira yodalirika kuposa zonse ndi moto. Madzi awire mpaka kubwata kwenikweni, ndipo muwasiye akubwata kwa mphindi imodzi yathunthu. Kungofunda kapena kutulutsa nthunzi sikokwanira. Asiyeni azizire mumphika womwewo uli wovindikira, osathiramo madzi ena ozizira kuti apole msanga.

Kuwiritsa kumapha ngakhale tizirombo tina tochokera mundowe za ana a ng'ombe tomwe sitifa msanga ndi kolorini. Choncho madzi a khanda, a mayi woyembekezera, a okalamba ndi a anthu omwe chitetezo chawo cha m'thupi ndi chotsika ndi bwino awire, makamaka komwe ziweto zimamwera m'nyanja momwemo.

Chovuta ndi nkhuni, zomwe nthawi ya madzi osefukira zimakhala zonyowa. Vindikirani mphika kuti uwire msanga, gwiritsani ntchito chitetezo mbaula m'malo mwa mafuwa atatu, ndipo tereka madzi pamoto womwe watsala mukaphula nsima. Zitsononkho ndi mitengo ya nandolo zosungidwa pouma zimathandiza kwambiri masiku otere. Ngati madzi owiritsa sakukoma, atsanulireni kangapo kuchoka m'chiwiya choyera kupita m'china kuti mulowe mpweya.

Kolorini

Banja lalikulu silingawiritse madzi onse tsiku ndi tsiku, ndipo apa ndi pomwe kolorini amathandiza. WaterGuard wamadzi amathiridwa kachivindikiro kamodzi m'malita 20 a madzi oyera. Madzi akakhala kuti akadali ndi katsitsi ka matope, mlingo umawirikiza kawiri. Takasani kapena khutchumulani chigubu, vindikirani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amathira mankhwala n'kumwa nthawi yomweyo tizirombo tisanafe.

Nthawi ya ngozi, alangizi a zaumoyo amagawa kolorini wosungunula kale, ndipo mabungwe ena amagawa mapilitsi monga Aquatabs. Mphamvu ya mankhwalawa imasiyana, choncho tsatirani mlingo womwe mlangizi wanena kapena womwe walembedwa papaketi. Musayerekeze ndi maso. Kolorini wosungunula amatha mphamvu akakhalitsa kapena akakhala padzuwa, motero musungeni m'botolo lotseka bwino, pamthunzi, patali ndi ana. Mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi fungo la maluwa kapena osakaniza ndi sopo asalowe m'madzi akumwa.

Palinso timapaketi ta ufa ta kampani ya P&G tomwe timagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kumata matope ndi kupha tizirombo. Kapaketi kamodzi ndi ka malita 10. Mumatakasa mphindi zisanu, kusiya mphindi zisanu kuti adikhe, kusefa ndi nsalu, kenako kudikira mphindi 20. Nsenga zotsalazo mukataye m'chimbudzi, nkhuku ndi ana zisazipeze.

Madzi othira bwino amamveka kafungo ka kolorini pang'ono. Kafungoka ndi chizindikiro chakuti mankhwala akadalimo ndipo akupitiriza kuteteza madziwo muchigubu, zomwe madzi owiritsa alibe. Sikoona kuti kolorini wothiridwa pamlingo wake amaletsa kubereka kapena kufooketsa abambo. Ndi mankhwala omwewo omwe mabungwe ogawa madzi amathira m'madzi a m'mipope ya m'tauni.

Dzuwa

Nkhuni ndi mankhwala zikasowa, dzuwa lingathandize. Tengani mabotolo apulasitiki oonekera m'kati, monga a zakumwa zoziziritsa kukhosi, osapitirira malita awiri. Atsukeni, chotsani mapepala ake, dzazani madzi osefa kale, tsekani n'kuwagoneka padenga lamalata kapena pamwala pomwe dzuwa likuomba. Kukakhala dzuwa lamphamvu akhale maola 6. Kukakhala mitambo akhale masiku awiri otsatizana. Masiku a mvula yamvumbi njirayi siyigwira, koma pamenepo mutha kukinga madzi a padenga loyera, mutasiya oyambirira kuti atsuke malata. Madziwo azikhala oyera ndithu, chifukwa matope amatchinga kuwala komwe kumapha tizirombo.

Zomwe moto ndi kolorini sizichotsa

Apa alimi amvetsetse. Mankhwala opopera thonje, fodya, tomato ndi ophera udzu satha ndi kuwiritsa, ndipo kolorini sawakhudza. Chimodzimodzinso feteleza, mafuta a injini za maboti ndi mchere. Choncho musatunge pafupi ndi ngalande zotulutsa madzi m'minda yothirira, ndipo musatsukire sipuleya m'nyanja kapena mumtsinje.

Chigubu chomwe munali mankhwala a mbewu, dibi wa ziweto, petulo kapena dizilo chisasungidwemo madzi akumwa ngakhale mutachitsuka kangati. Pulasitiki imamwa mankhwalawo ndipo imawatulutsa pang'onopang'ono. Ndowa yothirira nazale ikhale yakeyake, ya madzi akumwa ikhalenso yakeyake.

Kusunga

Madzi ambiri amaipira m'nyumba atakonzedwa kale. Mwana amachokera kuchimbudzi, n'kupisa kapu mumtsuko pamodzi ndi zala zake, basi ntchito yonse yawonongeka. Sungani madzi m'chigubu chokamwa pang'ono kapena ndowa yovindikira ya kampopi. Ngati mukugwiritsa ntchito mtsuko, pakhale chikho chimodzi cha mpini wautali chotungira, chopachikidwa pamalo pake, ndipo munthu asamwere pomwepo. Chiwiyacho chikhale pamwamba pomwe agalu, nkhuku ndi ana okwawa safika, ndipo chizitsukidwa ndi sopo musanathiremo madzi atsopano.

Munthu mmodzi amafuna malita awiri ndi theka kapena atatu akumwa patsiku, ndipo wogwira ntchito kumunda padzuwa amafuna oposa apo. Banja la anthu 6 likonze chigubu chimodzi cha malita 20 tsiku lililonse cha kumwa kokha. Madzi okonza agwirenso ntchito potsuka masamba ndi zipatso, potsuka m'kamwa, pofulula thobwa ndi posamba m'manja musanadye. Popita kumunda kapena kukawedza nyamulani botolo lanu, chifukwa ludzu la kudimba ndi lomwe limamwetsa anthu madzi a m'zithaphwi.

Wina akayamba kutsekula

Kolera amatha madzi m'thupi mofulumira ndipo atha kupha munthu m'maola ochepa. Wodwala akayamba kutsekula zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mulita imodzi ya madzi okonza, azimwa pafupipafupi muli panjira yopita kuchipatala. Thanzi akasowa, sakanizani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mulita imodzi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Musadikire kuti kuche.

Konzekani mvula isanakule

Madzi akaphwa, musathamangire kumwa a pamjigo kapena chitsime chomwe chinamira. Komiti ya mjigo idziwitse mlangizi wa zaumoyo kuti athiremo mankhwala, ndipo mpaka atatero, madzi ake akonzedwe ngati a m'nyanja.

Monga momwe mlimi amagulira mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, pandalama za zokolola apatuleko yogulira zigubu ziwiri zatsopano, botolo la WaterGuard, sopo ndi mapaketi angapo a Thanzi. Aike pambali chitenje chimodzi chosefera, njere za cham'mwamba zouma ndi mtolo wa nkhuni pamalo okwera. Zonsezi pamodzi mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi thumba limodzi la feteleza, koma ndi zomwe zidzasunge manja olima munda wa chaka chamawa.