Makalata a Li Hua: Chingerezi cha m'nthawi ya mliri ku China

Ngati munakhalapo m'chipinda cha mayeso, cholembera chili m'manja, mutu wa chimangirizo uli pamaso panu koma Chingerezi chikukana kutuluka, ndiye kuti Li Hua ndi mbale wanu. Ameneyu ndi mwana wasukulu wa ku China amene sanabadwepo. Alibe mayi, alibe mudzi, ndipo palibe angakuuzeni motsimikiza ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Amakhala papepala la mayeso basi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, funso la kalata pa mayeso a Chingerezi m'dzikolo limakonda kuuza wophunzira kuti ayerekeze kuti iye ndi Li Hua, kenako alembere mnzake wa kunja, mwina wa ku Britain kapena ku America, mawu pafupifupi 100. Pochita izi wophunzira salemba dzina lake lenileni, motero wochonga sadziwa mwini pepala.

Kwa zaka zambiri Li Hua ankalemba zopepuka. Ankaitanira mnzake ku chionetsero, ankapepesa kuti safika kumsonkhano, ankafotokoza mwambo wa chaka chatsopano. Koma mu 2020 makalata ake anadzaza ndi masiki, sopo ndi zitseko zotseka.

Kuti mumvetse kulemera kwa kalata imeneyi, muyenera kudziwa mayeso amene amaibala. Dzina lake ndi gaokao, ndipo ndiwo khomo lolowera kusukulu zaukachenjede. M'zigawo zambiri malikisi onse ndi 750, ndipo 150 mwa amenewa ndi a chiyankhulo chakunja, chimene kwa ophunzira ochuluka ndi Chingerezi. Ana ambiri amayamba kuchiphunzira m'kalasi yachitatu ya pulayimale. Banja lonse limasala tulo chifukwa cha mayeso amenewa, monga mmene inu mumachitira mwana akayandikira MSCE, kungoti kumeneko olemba amaposa 10 miliyoni chaka chilichonse.

Sukulu itsekedwe, maphunziro asaime

Pa 23 January 2020, kutangotsala masiku awiri kuti anthu akondwerere chaka chatsopano cha Chitchaina, boma linatseka mzinda wa Wuhan m'chigawo cha Hubei. Mumzindawu mumakhala anthu pafupifupi 11 miliyoni. Basi, sitima ndi ndege zinaima. M'bindikirowu unatha pa 8 April, patapita masiku 76. Ana anali patchuthi pamene izi zinkayamba, ndipo teremu imene inkayenera kutsegulidwa mu February sinatsegulidwe m'dziko lonselo.

Unduna wa Zamaphunziro unalengeza mfundo yoti makalasi aime koma kuphunzira kupitirire. Pa 17 February unatsegula malo a maphunziro pa intaneti, ndipo maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi ya kanema ya zamaphunziro kuti afike kwa amene intaneti imawavuta. Aphunzitsi ambiri ankagwiritsa ntchito DingTalk, pulogalamu ya kampani ya Alibaba imene inapangidwira anthu a m'maofesi. Apa pali nkhani yoseketsa. Ana atamva mphekesera yoti pulogalamu ikapatsidwa malikisi ochepa imachotsedwa pamsika, anakhamukira kukaipatsa nyenyezi imodzi imodzi, mpaka eni ake anatulutsa kanema wopempha chifundo. Mwana wasukulu ndi mmodzi dziko lonse lapansi.

Tsono taganizirani mphunzitsi wa Chingerezi amene wakhala pakhomo pake, foni kapena kompyuta patebulo, ndipo kutsidya kuli ana 40 kapena 50 amene sakuwaona bwino. Buku lili ndi mutu wa ulendo wa panyanja kapena kugula zinthu m'sitolo. Adzawafunsa bwanji za ulendo, pamene ena atha mwezi wathunthu osatsika ndi makwerero omwe? Ambiri anachita chinthu chanzeru: anatenga mliriwo n'kuusandutsa phunziro. Ntchito zoyeserera zinasanduka zakuti, fotokoza tsiku lako uli m'nyumba, lembera mnzako wa kunja malangizo a mmene angadzitetezere, thokoza madokotala amene anapita kukathandiza ku Wuhan, yerekeza kuphunzira pa intaneti ndi kuphunzira m'kalasi.

Kumbali ya galamala, mitu imeneyi inali mphatso. Mneni wa Chitchaina sasintha potengera nthawi. Mawu a dzulo, lero kapena mawa ndi timawu tina tating'ono ndiwo amasonyeza kuti chinthu chinachitika liti. N'chifukwa chake nthawi za aneni a Chingerezi zimawasautsa ophunzira a kumeneko. Koma moyo wa m'bindikiro unagawika wokha m'magawo atatu oonekeratu: zimene ndinkachita kale, zimene ndakhala ndikuchita kuyambira tsiku lija, ndi zimene ndidzachite akadzatsegula. Mwana akalemba kuti "I have been at home for forty days", sakuloweza chitsanzo cha m'buku. Akuwerenga masiku ake enieni. Palinso chopunthwitsa china chimene inu mukuchidziwa bwino. Poyankhula Chitchaina, mwamuna ndi mkazi onse ndi "ta", monga ife timangoti "iye". Choncho mwana wa ku Wuhan akamafotokoza za mayi ake amene ndi namwino, amasokoneza "he" ndi "she" ndendende ngati mwana wa ku Dedza.

Mawu amene amateteza moyo

Apa ndi pamene phunziro la chiyankhulo linakumana ndi nkhani ya zaumoyo, ndipo m'pofunika tichedwepo.

Mliri unabwera ndi mawu ake, ndipo kuwasiyanitsa sikunali kufuna malikisi kokha. Ophunzira anayenera kudziwa kuti "epidemic" ndi matenda amene afala m'dera kapena m'dziko, pamene "pandemic" ndi amene awoloka malire n'kugwira maiko ambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linagwiritsa ntchito mawu achiwiriwa pa 11 March 2020, ndipo ana anaona ndi maso awo tsiku limene liwu limodzi linalowa m'malo mwa linzake. Anayenera kudziwanso kuti "isolation" ndi kupatula munthu amene wapezeka ndi matenda, pamene "quarantine" ndi kusunga padera munthu amene sakudwala koma anakhudzana ndi wodwala, kufikira zitadziwika ngati watenga kachirombo. Liwu lachiwirili linachokera ku Italy, komwe m'zaka zakale zombo zofika ku Venice zinkadikira masiku 40 anthu asanatsike. Funsani azaumoyo a m'dera lanu kuti kusamvetsa kusiyana kumeneku kumabala chiyani. Munthu wosungidwa padera amatchedwa wodwala, banja lake limasalidwa, ndipo wotsatira wake amabisala.

Ngakhale eni Chingerezi ankakonza mawu awo ali pa ulendo. Poyamba aliyense ankati "social distancing", koma WHO inayamba kukonda "physical distancing", pofuna kunena kuti chotalikirana ndi matupi, osati ubale. Imeneyi ndi mfundo imene mwana angaimvetse bwino m'phunziro la chiyankhulo kuposa pa chikwangwani cha kuchipatala.

Panalinso zinthu zimene Chingerezi chinalibe dzina lake, chifukwa zinkachitika ku China. Mabwalo amasewero ndi nyumba zachionetsero ku Wuhan zinasandutsidwa zipatala zongoyembekezera za odwala pang'ono, zotchedwa fangcang. Chipatala cha Huoshenshan, cha mabedi 1,000, chinamangidwa m'masiku pafupifupi 10. Pafoni ya munthu aliyense panabwera chizindikiro cha zaumoyo, chobiriwira, chachikasu kapena chofiira, chimene chinkanena ngati angakwere basi kapena kulowa m'sitolo. Li Hua akafuna kufotokozera mnzake wa ku London zinthu zimenezi, dikishonale sinkamuthandiza. Ankayenera kuchita zimene womasulira aliyense amachita: kufotokoza chinthucho m'mawu osavuta. Pali liwu lina lakuti "jiayou", limene anthu a ku Wuhan ankafuula pamawindo usiku polimbikitsana. Kwenikweni limatanthauza kuthira mafuta. Ophunzira ankalimbana nalo kuti m'Chingerezi alitembenuze bwanji, monga mmene inu mungavutikire kupeza liwu limodzi la Chingerezi lonyamula zonse zili mu "limbani mtima".

Si mawu onse amene anali okoma. Pa 11 February 2020 WHO inapatsa matendawa dzina lakuti Covid-19, ndipo inasankha dala dzina losatchula malo, nyama kapena mtundu wa anthu, kupewa kusalana. Komabe mwezi wotsatira Donald Trump, amene anali mtsogoleri wa dziko la America, ankawatcha kachirombo ka Chitchaina. Dziikeni m'malo mwa mwana wa zaka 17 amene akuphunzira chiyankhulo usiku ndi usana, ndipo akupeza kuti m'chiyankhulo chomwecho dzina la mtundu wake lamatidwa ku matenda.

Zimene kalata sinanene

Tsopano ndikuuzeni chimene chimandidetsa nkhawa pa makalata amenewa.

Kalata ya mayeso ili ndi chikombole. Mzere woyamba, moni ndi kusonyeza kukhudzidwa. Pakati, mfundo zitatu: vala masiki, samba m'manja, pewa malo odzaza anthu. Pomaliza, chikhulupiriro chakuti tidzapambana. Palibe bodza m'menemo, ndipo malangizowo ndi oona. Mwana amene walemba katatu kapena kanayi kuti kusamba m'manja ndi sopo kumateteza, saiwala, ndipo nthawi zambiri amakauzako agogo ake. Ngati njira yofalitsira uthenga wa zaumoyo, imeneyi ndi yamphamvu komanso yotsika mtengo.

Koma chikombole chili ndi m'mphepete. Mwana amene bambo ake anamwalira asanapeze bedi kuchipatala m'masabata oyamba aja, analemba kuti chiyani? Amene anatsekeredwa m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi makolo okangana, chifukwa ntchito yatha, anaika pati nkhani imeneyo? Wochonga amapereka malikisi pa chiganizo choyera ndi mtima wolimba. Mantha alibe malikisi. Ndiye wophunzira wochenjera amaloweza ziganizo zabwino n'kusunga zake mumtima.

Komanso ku China si chilichonse chimene munthu angalembe momasuka. Dokotala wa maso wa ku Wuhan, Li Wenliang, anachenjeza anzake kumapeto kwa December 2019 za matenda achilendo, ndipo apolisi anamuitana n'kumudzudzula kuti akufalitsa mphekesera. Anamwalira ndi matenda omwewo pa 7 February 2020. Anthu anamulira kwambiri, ndipo pambuyo pake boma linamulemekeza ngati ngwazi. Mlembi wina wa mumzindawo, Fang Fang, ankalemba tsiku ndi tsiku zimene ankaona ndi kumva, chisoni ndi mkwiyo womwe. Zolemba zake zitamasuliridwa m'Chingerezi n'kusindikizidwa kunja m'chaka chomwecho pamutu wakuti Wuhan Diary, ambiri kwawo anamunyoza kuti wapereka chida kwa adani a dziko. Mwana wasukulu sasowa womuuza kuti aphunzirepo chiyani pa nkhani yotere.

Ndipo ena sanalembe n'komwe. Kumidzi kunali mabanja a ana awiri kapena atatu ndi foni imodzi, ndipo panamveka nkhani za ophunzira okwera padenga kapena paphiri kukasaka netiweki. Chingerezi ndicho chimalekanitsa kwambiri mwana wa mumzinda ndi wa kumudzi, chifukwa chimafuna kumva ndi kuyankhula, osati kuwerenga kokha. Izi sizachilendo kwa inu. Sukulu zathu zitatsekedwa pa 23 March 2020, ana ambiri anadalira maphunziro a pawailesi, ndipo amene kwawo kunalibe mabatire anangotsala. Ngati ndinu mphunzitsi, mwina mukukumbukira Chingerezi chimene ana anabwera nacho atabwerera mu September ndi October chaka chimenecho. Mwina munawapatsanso chimangirizo cha mliri, kapena cha kolera amene anachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu January 2023. Mukachipeza pansi pa mabuku, muchiwerengenso, muone ngati muli mwana m'menemo kapena muli uthenga wa pawailesi wokha.

Ku Wuhan, ophunzira a chaka chomaliza cha sekondale anabwerera m'kalasi pa 6 May, atavala masiki, madesiki atatalikirana. Mayeso a gaokao anasunthidwa ndi mwezi wathunthu n'kuyamba pa 7 July, ndipo analembetsa anali 10.71 miliyoni. Nkhani sinathere pomwepo. Mu July 2021 boma linaletsa makampani kupanga phindu pophunzitsa ana maphunziro a kusukulu mwapadera, ndipo linaletsanso kulemba ntchito aphunzitsi okhala kunja kuti aziphunzitsa pa intaneti. Ana ambiri amene ankacheza ndi mphunzitsi wa ku America kapena ku Philippines kudzera pa kompyuta anataya mwayi umenewo. Mu 2022 mzinda wa Shanghai, wa anthu pafupifupi 25 miliyoni, unatsekedwa kwa miyezi iwiri, ndipo mayeso a kumeneko anasunthidwanso. Malamulo okhwimawo anafewetsedwa mu December 2022. Pali ana amene gawo lalikulu la zaka zawo zitatu za sekondale yapamwamba linathera m'kati mwa nyengo imeneyi.

M'zaka zonsezi mnzake wa Li Hua sanayankhepo ngakhale kamodzi, poti nayenso anali wa papepala. Ophunzira a ku China akhala akuseka za ichi kwa nthawi yaitali. Koma mu January 2025, pamene zinkaoneka kuti TikTok iletsedwa ku America, anthu ambiri a kumeneko anasamukira ku pulogalamu ya Chitchaina yotchedwa Xiaohongshu. Eni ake anawalandira ndi Chingerezi chawo cha kusukulu, ndipo ena anawafotokozera za makalata amene analemba ali ana osalandira yankho. Alendowo anatenga mapepala ndi zolembera, ena anajambula makanema, n'kuyamba kulemba mayankho opita kwa Li Hua, akupepesa kuti achedwa. Ambiri mwa amene anawerenga anali akuluakulu tsopano, ena ali pantchito, ena ali ndi ana awo asukulu, ndipo analemba pansi pake kuti misozi yawagwera.