Alendo ndi asodzi a ku Guna Yala

Kutali kwambiri ndi Zambia kuli dziko lochedwa Panama. Dzikoli lili m'mbali mwa nyanja yaikulu ya mcere, dzina lake Caribbean. Pa nyanjayi pali zisumbu zing'onozing'ono zoposa 300. Malowa amachedwa Guna Yala.

Cisumbu ndi mtunda wozingidwa ndi madzi mbali zonse, monga Chilubi pa nyanja ya Bangweulu. Pa zisumbu zambiri za Guna Yala sipakhala anthu. Pali cabe mitengo ya kokonati ndi mcenga woyera mbee! Eni ake a zisumbuzi ndi anthu a mtundu wa Guna.

Alendo ocokera ku maiko ena amakonda kukaona malowa. Ambiri amapita pa ngalawa za matanga. Thanga ndi cinsalu cacikulu colimba. Amacimangirira ku mlongoti wautali umene uli pakati pa ngalawa. Mphepo ikaomba, thanga limafufuma ndipo ngalawa imayamba kuyenda. Mphepo ikaleka, ngalawa nayo imangoti zii pamadzi.

M'kati mwa ngalawa muli pogona ndi pophikira. Alendowo amakhala m'menemo masabata ambiri. Akafika pa cisumbu, amaponya nangula m'madzi. Nangula ndi citsulo colemera cimene cimagwira pansi kuti ngalawa isatengedwe ndi mphepo.

Kuyenda pakati pa zisumbuzi si masewera ai. Pansi pa madzi pali miyala yakuthwa imene ingaboole ngalawa. N'cifukwa cake alendo amayenda dzuwa lili pamutu, pamene madzi amaoneka bwino mpaka pansi. Munthu mmodzi amaima kutsogolo kwa ngalawa, maso ali pamadzi. Madzi a buluu wodera ndi akuya. Pamene paoneka pofiirira, ndiye kuti pali miyala.

Nanga ndani amene amadziwa bwino nyanjayi? Ndi asodzi a Ciguna. Iwo anabadwira pomwepo. Amadziwa pamene pali miyala ndi pamene pamapezeka nsomba. Bwato lao limachedwa ulu. Amalisema ku mtengo umodzi waukulu. Amapalasa ndi nkhafi, ndipo kukakhala mphepo amakweza kathanga kakang'ono. Asodzi ena amawedza ndi mbedza. Ena amamira pansi pa madzi kukagwira nkhanu zikuluzikulu.

Asodziwa akaona ngalawa yaima, amapalasa kupita komweko. Amapereka moni, kenaka amaonetsa nsomba ndi nkhanu zimene agwira. Mlendo ndi msodzi amalankhula zinenero zosiyana. Nthawi zina amamvana ndi manja cabe, kwinaku akuseka. Mlendo amapeza ndiwo, msodzi amapeza ndalama. Azimai nao amabwera ndi nsalu zokongola zochedwa mola. Amazisoka ndi manja posanjikiza nsalu za mitundu yosiyanasiyana.

Mlendo wabwino amatsata malamulo a eni malo. Mtengo uliwonse wa kokonati uli ndi mwini wake, ngakhale pa cisumbu copanda anthu. Motero mlendo sathyola kapena kutola kokonati, koma amagula. Sajambula munthu asanapemphe. Sataya zinyalala m'madzi. Mudzi uliwonse uli ndi mfumu yochedwa saila, ndipo mlendo amaipatsa ulemu.

Masiku ano anthu a Ciguna ali pa vuto. Zisumbu zao n'zotsika kwambiri, ndipo madzi a m'nyanja akukwera pang'onopang'ono cifukwa dziko lapansi likutentha. Nthawi zina madzi amalowa m'nyumba. Pa zisumbu zina anthu aculuka ndipo malo acepa. M'caka ca 2024, mabanja pafupifupi 300 a pa cisumbu ca Gardi Sugdub anapatsidwa nyumba zatsopano kumtunda. Kusiya malo amene munthu anabadwira n'kowawa. Komabe asodzi akupitiriza kupalasa mabwato ao, pakuti nyanja ndiyo munda wao.

Mau atsopano

cisumbu, thanga, mlongoti, nangula, nkhafi

Mafunso

1. Kodi zisumbu za Guna Yala zili m'dziko liti?
2. N'ciani cimene cimayendetsa ngalawa ya matanga?
3. Kodi nangula amagwira nchito yanji?
4. N'cifukwa ciani alendo amayenda dzuwa lili pamutu?
5. Chulani zinthu ziwiri zimene alendo amagula kwa anthu a Ciguna.
6. Kodi mlendo wabwino sacita ciani pa zisumbuzi?

Zocita

Jambulani ngalawa ya matanga m'mabuku mwanu. Lembani mau awa pa malo ake oyenera: thanga, mlongoti, nangula. Mukatha, kambiranani awiriawiri malamulo amene mlendo ayenera kutsata akafika kwanu.